Mbiri ya nkhonya ya dziko lino ikuthera m'makatoni

Kuyambira pamene dziko la Malawi linayamba kutumiza osewera ku mpikisano wa Commonwealth Games kufikira mpikisano wa ku Birmingham mu 2022, mamendulo amene anabwera kumudzi ndi atatu okha, ndipo onse atatu anabwera ndi anyamata a nkhonya. Tatu Chionga anapata mendulo ya bronze ku Edinburgh mu 1970, kenaka Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anapata yawo mumzinda womwewo mu 1986. Ngakhale ntchemberembaye, imene timainyadira kwambiri, sinafikebe pa mendulo kumeneko. Komatu achinyamata amene amathithikana m'mavidiyo a ku Ndirande ndi ku Bangwe usiku wa nkhonya yaikulu angakulakatulireni mbiri ya Mike Tyson, Floyd Mayweather ndi Anthony Joshua popanda kupunthwa, pamene dzina la Chionga ambiri a iwo sanalimvepo. Mlandu si wawo. Mbiri ya Tyson ili paliponse, pa foni ndi pa kanema, pomwe ya akatswiri athu inalembedwa pamapepala a nyuzi ndi magazini, ndipo mapepalawo akutha chaka ndi chaka. N'chifukwa chake munthu amene amasunga magazini akale a nkhonya m'nyumba mwake ku Chilomoni kapena ku Machinjiri akugwira ntchito imene dziko linayenera kumuthokoza nayo, ngakhale apabanja pake amangoti akuunjika zinyalala.

Kumayiko a azungu, kutolera magazini akale a nkhonya ndi chizolowezi chokhazikika, chokhala ndi ogula, ogulitsa ndi mitengo yake. Magazini awiri ndiwo amasakidwa kwambiri. Yoyamba ndi Boxing News ya ku London, imene inayamba kutuluka mu 1909. Yachiwiri ndi The Ring ya ku America, imene Nat Fleischer anayambitsa mu 1922, ndipo inatchuka chifukwa cha mndandanda wake wa akatswiri ndi malamba amene inkapereka kwa opambana. Otolera amayang'ana zinthu zingapo asanatulutse ndalama: zaka za magaziniyo, nkhope imene ili pachikuto, ngati masamba onse alipo, ndiponso ngati pepala silinang'ambike, kunyowa kapena kulembedwapo. Kope imene ili ndi Joe Louis kapena Muhammad Ali pachikuto imakwera mtengo kuposa ya wankhonya amene anaiwalika, ndipo imene katswiri anasainapo ndi dzanja lake imakwera koposa. Pansi pa zonsezi pali lamulo limodzi losavuta, lakuti chinthu chimalemera chikakhala chosowa.

Tikalitenga lamulo lomwelo n'kuliika pa Blantyre, likutiuza zosiyana ndi zimene ambiri angaganize. Kope ya The Ring yofotokoza mmene Ali anagwetsera George Foreman m'raundi ya 8 ku Kinshasa pa 30 October 1974 ndi yosangalatsa kukhala nayo, koma makope ake anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo nkhonyayo inajambulidwa pa kanema amene aliyense angaonere lero. Ikawonongeka ya ku Zingwangwa, dziko lapansi silitaya kanthu. Koma tsamba la Malawi News lokhala ndi chithunzi cha anyamata awiri akuswana muholo ina ya mumzinda uno zaka 50 zapitazo, lokhala ndi mayina awo, kulemera kwawo ndi dzina la mphunzitsi wawo, lingathe kukhala umboni wokhawo wotsala m'manja mwa anthu woti nkhonyayo inachitika. Choncho wotolera wa kuno akamasankha choti apulumutse, ayambe ndi pepala la kwathu, lotuwa ndi losaoneka bwinolo, ndipo magazini onyezimira a kunja abwere pambuyo.

Chimene chikupangitsa pepala kukhala lofunika chotere ndi mbiri ya zofalitsa nkhani m'dziko muno. Malawi analibe nyumba yakeyake ya kanema mpaka mu 1999, pamene Television Malawi inayamba kuonetsa mapulogalamu. Izi zikutanthauza kuti zaka zonse za Chionga, Mphande ndi Kondowe zinadutsa popanda kanema wa dziko lino wojambula nkhonya zam'maholo ndi m'mabwalo athu. Wailesi ya MBC inalipo kuyambira 1964, koma mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo. Womvera satsala ndi kalikonse m'manja koposa zimene wakumbukira. Zotsala ndi zimene mtolankhani analemba, zimene wojambula zithunzi anatola, ndi zimene okalamba akukumbukirabe. Okalambawo akutisiya mmodzimmodzi, ndipo nkhani yongodutsa pakamwa imasintha: amene anapambana ndi mapointi amasanduka wogwetsa mnzake m'raundi yoyamba, chaka cha nkhonya chimasuntha, dzina la wogonja limasowa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pepala lokhala ndi tsiku pamwamba ndilo limaweruza mkangano wotere.

Mapepala amenewa anafika m'makomo a m'matauni athu kudzera njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya zosindikizidwa konkuno. Daily Times ndi Malawi News zinkatuluka mu Blantyre momwemuno ndipo masamba awo akumapeto anali a zamasewero. Magazini ya Moni, imene inayamba mu 1964 ku Limbe pansi pa a Montfort, inkalowa m'nyumba zambiri chifukwa inkalemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, ndipo The Nation inabwera mu 1993 pamene ndale zinkasintha. Njira yachiwiri ndi ya aulendo. Amalawi zikwizikwi ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, dzina limene lidakalipo pa depoti ya mabasi mumzinda uno, ndipo ena ankagwira ntchito ku Salisbury, Bulawayo ndi kumigodi ya ku Zambia. Kumeneko nkhonya inali masewero okondedwa kwambiri pakati pa anthu akuda, ndipo magazini ngati Drum, imene inayamba mu 1951 ku South Africa, ankaipatsa malo aakulu. Drum inalemba za anthu ngati Jake Tuli, amene mu 1952 anatenga lamba wa British Empire ku Newcastle. Wobwerera kumudzi ankanyamula m'sutikesi zovala, wailesi ndi zowerenga zimene anazolowera. Masiku ano ogulitsa mabuku ndi magazini akale m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Limbe ndiwo malo amene wofunafuna angayambire, koma chuma chenicheni chili kunsi kwa mabedi ndi pamwamba pa makabati.

Wowerenga angafunse chimene munthu amapeza m'masamba akalewa chimene sangachimve kwa anzake pabawo. Taonani nkhani ya Drake Thadzi. Mmalawi ameneyu anaimira dziko lino pa Olympics ya ku Los Angeles mu 1984, kenaka analowa nkhonya yolipidwa kutsidya la nyanja. Mu May 1997 anagonjetsa James Toney ndi mapointi n'kutenga lamba wa IBO wa light heavyweight. Kuti munthu amvetse kukula kwa chipambano chimenechi ayenera kudziwa kuti Toney anali ndani, ndipo magazini akale ndiwo amanena bwino: The Ring inamusankha kukhala wankhonya wopambana onse wa chaka cha 1991, ndipo inadzamusankhanso mu 2003. Ndiye kuti mwana wa kuno anathambitsa munthu amene anali pamwamba asanakumane naye, amenenso anadzabwerera pamwamba pambuyo pake. Apa mpamene magazini akunja amathandizira wotolera wa kuno, pamene akhudza munthu wathu kapena mdani amene munthu wathu anakumana naye. Chimodzimodzinso mamendulo a 1986: nyuzi za nthawi imeneyo zimaonetsa kuti mayiko ambiri a mu Africa ananyanyala mpikisanowo pokwiya ndi mmene boma la Britain linkanyengerera boma la tsankho la ku South Africa, pamene Malawi anapita. Wina angati zimenezi zikuchepetsa ulemu wa mamendulowo, wina angakane, koma onse awiri sangakambirane zanzeru popanda kuwerenga zimene zinalembedwa panthawiyo.

Chotsutsa choyamba, chimenenso chili ndi mphamvu kuposa zonse, n'chakuti munthu wa ku Ndirande amene akulimbana ndi lendi, ufa ndi fizi alibe nthawi kapena malo osungira mapepala. Nyumba ya zipinda ziwiri yogona anthu asanu ndi awiri ilibe ngodya ya laibulale, ndipo nyuzi yakale ili ndi ntchito zake zooneka ndi maso: kukulungira mandasi ndi usipa, kukolezera mbaula, kukutira makope a ana asukulu. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe amene angadzudzule mayi wogulitsa zitumbuwa chifukwa chosawerenga tsamba asanaling'ambe. Koma kutolera kumene tikunena kuno sikufuna kuti munthu asunge nyuzi iliyonse kapena kugula magazini okwera mtengo. Masamba a nkhonya a zaka makumi angapo angakwane m'katoni imodzi, ndipo ambiri mwa mapepalawa ali kale m'nyumba, anasiyidwa ndi bambo, malume kapena agogo. Chofunika ndi diso lozindikira kuti tsamba ili ndi losiyana ndi enawo, basi. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti wosunga asayembekezere kulemera nazo. Msika wa otolera uli ku London ndi ku New York, ndipo magazini yodyedwa ndi njenjete siigulika kumeneko. Phindu la kuno ndi lina: mdzukulu wa wankhonya kuona nkhope ya agogo ake ali mnyamata, mtolankhani kupeza tsiku lolondola, mphunzitsi wa nkhonya kukhala ndi choonetsa ana amene akuwaphunzitsa.

Chotsutsa chachiwiri chimachokera kwa achinyamata, amene amati zonse zili pa intaneti. Pa nkhonya za kunja akunena zoona ndithu. Palinso BoxRec, nkhokwe ya pa intaneti imene imasunga zotsatira za nkhonya zolipidwa za padziko lonse, ndipo mayina a Amalawi ngati Thadzi ndi Isaac Chilemba alimo. Koma intaneti simadzilemba yokha. Chilichonse chakale chimene chili mmenemo chinalowetsedwa ndi munthu amene anali ndi pepala patsogolo pake. Kumene kunali otolera ambiri, mbiri ndi yodzaza; kumene mapepala anatayika, pamangokhala dzina ndi mzere umodzi kapena iwiri. Nkhonya zosalipidwa, zimene zinkachitika pakati pa makalabu, masukulu ndi magulu a asilikali, ndizo zimasowa kwambiri, chonsecho ndi mmene akatswiri onse anakulira. Ndiye wachinyamata wa foni m'manja ndi mkulu wa katoni kunsi kwa bedi akufunana. Wina ali ndi zolembedwa, wina ali ndi njira yozifalitsira, ndipo aliyense payekha sangapite patali.

Chotsutsa chachitatu n'chakuti imeneyi ndi ntchito ya boma. Zoonadi, ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumene lamulo limafuna kuti osindikiza azipereka kope ya zimene atulutsa, ndipo mu Blantyre muli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, imene imasunga mabuku ndi zolembedwa zakale za dziko lino. Malo amenewa ndi ofunika ndipo wofufuza aliyense ayenera kuwadziwa. Koma pali zinthu zimene lamulo silingazitolere. Posita imene inamatidwa pamtengo wamagetsi kulengeza nkhonya ya Lamlungu, tikiti yolowera pakhomo, kapepala ka ndondomeko ya omenyana tsiku limenelo, chithunzi chimene wojambula wa m'tauni anatola wankhonya atavala magolovesi ake oyamba, kope ya mphunzitsi yolembamo kulemera kwa anyamata ake: zonsezi sizidutsa kwa wosindikiza wamkulu, choncho sizifika ku Zomba pokhapokha munthu atazipereka. Ndiponso nyumba imodzi yosungira zinthu, ngakhale itasamalidwa bwanji, ingathe kugwa m'ngozi ya moto kapena madzi. Mbiri imakhala yotetezeka pamene makope ake ali m'malo ambiri. Wotolera wa ku Bangwe akuthandiza akatswiri a ku Zomba, ndipo tsiku lina katoni yakeyo ingadzakathere m'manja mwawo.

Palinso amene amakayikira mapepalawo, nati nyuzi ndi magazini zimanama. Iwonso ali ndi mfundo. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa zofalitsidwa, ndipo mtolankhani ankalemba akuyang'ana kumbuyo. Kunjanso si kwa angelo: mu 1977 zinaululika kuti mbiri za ankhonya ena zimene The Ring inasindikiza zinali ndi nkhonya zopeka, zimene zinawathandiza kulowa mumpikisano wina umene Don King anakonza ku America. Koma phunziro la nkhani imeneyi n'lakuti bodzalo linagwidwa pofananitsa zolembedwa zosiyanasiyana. Pepala limodzi lingasokeretse, koma atatu onena za nkhonya imodzi amawongolana. Daily Times ikati wakuti anapambana m'raundi yachinayi, nyuzi ina n'kuti yachisanu, posita n'kutsimikiza tsiku ndi malo, wofufuza amayandikira choonadi. Kukayikira pepala kuyenera kutipangitsa kusunga ambiri. Ndipo ngakhale tsamba lokometsera zinthu limanena zoona zina mosadziwa: mtengo wolowera pakhomo, kampani imene inathandiza ndi ndalama, holo imene inkagwiritsidwa ntchito, ngakhale malonda a sopo ndi njinga amene ali pambali pa nkhaniyo amaonetsa mmene mzinda unalili.

Adani a pepala m'matauni athu ndi odziwika. Pepala la nyuzi linapangidwa kuti liwerengedwe tsiku limodzi. Lili ndi asidi amene amalichititsa kufiira ndi kuphwanyika likamakalamba, makamaka likamaombedwa ndi dzuwa. Chinyezi cha m'nyengo ya mvula chimabweretsa nkhungu ndi kumata masamba, ndipo timawaya tolumikiza magazini timachita dzimbiri n'kudya pepala. Chiswe chimalowa kuchokera pansi ndi m'zipupa, njenjete ndi mphemvu zimadya pang'onopang'ono, makoswe amamangira zisa. Denga lodontha lingawononge usiku umodzi zimene munthu anasunga zaka 40. Namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a mzinda uno, anapha anthu ambiri, ndipo pamodzi ndi katundu wa mabanja anakokolola zithunzi ndi zikalata zimene sizidzapezekanso. Koma mdani woposa onse amabwera mwakachetechete pambuyo pa maliro. Mwini katoni akamwalira, achibale amagawana zovala, mipando ndi ziwiya, ndipo mapepala amene palibe akuwadziwa tanthauzo lake amakathera kudzala kapena pamoto. Wosunga amene sanauzeko mwana kapena mdzukulu chifukwa chimene amasungira wagwira theka la ntchito.

Kusamala mapepalawa sikufuna ndalama zambiri. Asungidwe pamalo okwera, kutali ndi pansi ndi chipupa chakunja, m'bokosi lotsekeka bwino, atagonekedwa mosapinda. Dzuwa lisawaombe, choncho chithunzi chimene munthu akufuna kupachika pakhoma kapena m'shopu yometera chikhale fotokope, chenichenicho chikhale m'bokosi. Selotepi ndi guluu zimasiya banga losachoka, ndipo kumata pepala lakale m'pulasitiki ndi makina otentha aja kumaliwononga mosabwezeka, ngakhale kumaoneka ngati kuliteteza. Jumbo yomangidwa kwambiri imasunga chinyezi mkati, ndiye ndi bwino kutsegula bokosilo nthawi ndi nthawi m'chilimwe kuti mupite mphepo. Magazini isang'ambidwe pofuna chikuto chokha, chifukwa yathunthu ndiyo ili ndi phindu. Ngati ndi nyuzi, ndi bwino kusunga tsamba lonse. Koma ngati nkhani inadulidwa kale, dzina la nyuziyo ndi tsiku zilembedwe ndi pensulo m'mphepete, pakuti kachidutswa kopanda tsiku ndi umboni wofooka. Kuseri kwa chithunzi kulembedwe mayina a anthu, malo ndi chaka, pamene odziwa adakali moyo. Pomaliza, tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni pamalo owala bwino, ndipo zithunzizo zitumizidwe kwa anthu angapo.

Tisaganizenso kuti ntchitoyi ndi ya zakale zokha, pakuti za lero ndizo zidzakhale zakale mawa. Isaac Chilemba, amene anabadwira mu Blantyre mu 1987 n'kukakhwimira ku Johannesburg, anamenyana kawiri ndi Tony Bellew ku England mu 2013, anapirira maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Yekaterinburg mu 2016, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi Dmitry Bivol mu 2018. M'chaka chomwecho cha 2018, Anisha Basheel anatenga lamba wa Commonwealth ku London atagonjetsa Sam Smith m'raundi yoyamba, n'kuonetsa kuti nkhonya ya amayi kuno si yamasewera. Nkhonya zikuluzikuluzi zinajambulidwa ndipo sizidzasowa. Zimene zili pangozi ndi zapansi: nkhonya za ku Robin's Park ndi m'maholo ena, zimene masiku ano zimalengezedwa pa Facebook ndi WhatsApp. Foni ikabedwa kapena tsamba la pa intaneti likatsekedwa, zonse zimapita, mwinanso mofulumira kuposa mmene chiswe chimadyera pepala. Amene akusunga nyuzi ndi maposita a chaka chino akukonzera wofufuza wa zaka 30 zikubwerazi.

Mabungwe oyendetsa nkhonya, Malawi Boxing Association ndi Malawi Professional Boxing Control Board, angachite chinthu chosalira ndalama zambiri: kulengeza tsiku limene ankhonya akale, mabanja awo ndi osunga magazini angabwere ndi mapepala awo kuti ajambulidwe ndi kulembedwa m'kaundula, eni ake n'kubwerera nawo kwawo. Nyumba zosindikiza nyuzi, zimene zili ndi nkhokwe zawo za zithunzi, zingathandize pozindikira nkhope ndi masiku. Koma sitiyenera kudikira mabungwe. Inu amene muli ndi sutikesi ya malemu bambo anu ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, itseguleni mvula isanayambe. Mukapezamo tsamba lokhala ndi munthu wovala magolovesi, musalitaye. Funsani akuluakulu a m'dera lanu kuti ameneyo ndi ndani, lembani dzinalo, ndipo muuzeko ana anu.